Tsamba Loyera ndi Dimba la a Nabanda

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala mayina a anthu. Chabwino, ndayamba. Ndikulemba m'kope la ana asukulu, nditakhala pakhonde kuno ku Mpingu, ndipo mukadzalitsegula mudzapeza kuti pena ndakhwacha, pena ndalemba pamwamba pa mzere, pena ndakoka kamuvi kupita m'mphepete. Musadzanong'onezane kuti bambo akalamba, dzanja layamba kunjenjemera. Dzanja lili bwinobwino. Kalembedwe kameneka ndinachita kuphunzira, ndipo sukulu yake inali yowawa, chifukwa mayi wina wa ku Nambuma, a Nabanda, anatsala pang'ono kutaya dimba lawo chifukwa cha ukhondo wanga wa papepala.

Nsaru, chaka choyamba pa ntchito

Chimene chinandilowetsa ukalaliki wa khoti ndi dzanja. Agogo anu aamuna anali mphunzitsi, ndipo pakhomo pathu kudontheza inki pa kope unali mlandu wofanana ndi kujomba Sande sukulu. Choncho ndinakula ndi zilembo zoima chilili, zofanana msinkhu, zoti munthu ankayamba waziyamikira asanawerenge zimene zikunena. Ku Nsaru ndinapeza kalaliki wamkulu, a Mvula, bambo wamtali wosavula tayi ngakhale dzuwa la mu Okutobala litafika pophwanya mutu. Tsiku loyamba anandiyalira buku la milandu patebulo. Linali lalikulu, la chikuto cholimba, tsamba lililonse lili ndi nambala yake kuti wina asang'ambepo.

"Mnyamata iwe, ili si kope la kugolosale," anatero. "Muno simufufutidwa, simukhwachidwa, simung'ambidwa. Ukalakwitsa, aliyense wobwera m'mbuyo mwako adzadziwa kuti pano panadutsa mbuli. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Ndinamvadi, mwinanso kupyola pamene iwo ankafuna. Masiku amenewo mapepala anali osowa. Ochepa amene ankabwera a Mvula ankawatsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba la malaya, ndiye poyeserera panalibe. Munthu akamalankhula m'khoti ndinkalemba m'buku mwachindunji. Njira yanga inali iyi: ndinkayamba ndaumba chiganizo chonse m'mutu, kuchitembenuza uku ndi uku, kuchisalaza, ndikakhutira ndiye n'kuchitsitsira papepala. Vuto ndi lakuti mboni sidikira kalaliki. Pamene ine ndikusalaza za mbuzi yoyamba imene inalowa m'munda, mwini mundayo wafika kale pa mbuzi yachisanu ndipo wayamba kufotokoza mmene anatukwanirana ndi apongozi ake. Oweruza ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Kalaliki, mwalemba?" Ine n'kuyankha kuti, "Ndikumaliza, bwana." Sipanathe miyezi itatu, pamsika pa Nsaru ponse ndinkadziwika ndi dzina lakuti a Ndikumaliza. Ngakhale wogulitsa zitumbuwa ankandifunsa ngati ndamaliza kusankha.

Dzinalo linkandiwawa, koma osati kwambiri, chifukwa akuluakulu ochokera ku Lilongwe akabwera kudzayendera ankatsegula buku langa n'kuitana anzawo kuti adzaone. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti mawu angati a anthu anagwera pansi pa tebulo ine ndikukonza zilembo. Inenso sindinadzifunse.

Kabudula, chaka chachinayi mpaka chachisanu ndi chitatu

Ku Kabudula ndi kumene ndinakwatira mayi anu, ndiponso ndi kumene ndinakumana ndi milandu yondiposa msinkhu. Fodya akagulitsidwa, khoti linkadzaza mpaka ena kumaonerera pazenera: maukwati osweka, ng'ombe zolowa m'madimba, ndewu za pamowa. A Ndikumaliza anayamba kumira. Pa ofesipo panali mayi wotayipa, Mayi Chisale, wachikulire, wa chigwirizano kumpingo kwawo, wosadziwa kubisa mawu. Anandiyang'ana sabata yathunthu. Lolemba lotsatira anandiunjikira patebulo mulu wa mafomu akale amene boma linasiya kugwiritsa ntchito, kuseri kwake kopanda kanthu, pamwamba n'kuikapo pensulo.

"Achimwene, kodi kwanu mumayamba kuzira nyumba musanaphome?" anandifunsa.

"Ayi, mayi."

"Nanga bwanji pano? Phomani kaye dothi, muzira pambuyo. M'khoti muzilemba pa lafu, pamapepala oyeserera awa, chilichonse chimene chatuluka pakamwa pa munthu, mmene chatulukiramo. Masana khoti likaweruka ndiye muzikopera m'buku lanu lokongolalo."

"Koma mayi, wina akaziona zimenezo adzati chiyani?"

"Aziona ndani? Inu mukuona ngati anthu a ku Kabudula agona osadya kudikira kuona zilembo zanu? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene."

Ndinayesa. Musaganize kuti zinali zophweka. Dzanja limene lazolowera kuyenda ngati mkwatibwi silivomera kuthamanga tsiku limodzi. Tsiku loyamba ndinadzipeza ndikufufuta pa lafu pomwepo ndi labala, n'kumauzira tinyenyeswa take mosamala, mboni ili kutali. Mayi Chisale anaona. Pa nthawi yopuma anabwera, n'kutola labala uja, n'kumuponya m'chikwama chawo.

"Pa lafu safufuta," anatero. "Mukalakwitsa khwachani kamodzi kokha, mawu akalewo azioneka. Tsiku lina mudzapeza kuti akalewo ndiye anali oona. Labala wanuyu mudzamutenga tsiku limene ndidzapume ntchito."

Popanda labala ndinalibenso pothawira. Ndinayamba kudula mawu, kusiya zilembo, kukoka mivi, kulemba chopingasa m'mphepete malo akatha. Tsamba likadzaza linkaoneka ngati pamene nkhuku zapalasa, ndipo ndinkalitembenuza msanga kuti mesenjala asaone. Koma ndinazindikira chinthu chimene chinandidabwitsa: dzanja likamasuka, makutunso amatseguka. Ndinayamba kumva pamene mboni yazengereza, pamene yabweza mawu ake, pamene yanena chinthu chaching'ono chimene mlandu wonse wagonapo. Pofika chaka chachiwiri ku Kabudula panalibe kalaliki wondiposa liwiro m'dera lonselo, ndipo sindikunena modzitama, mukhoza kufunsa amene atsala. Dzina lija linafa lokha.

Komabe ndinachira theka. Manyazi sanachoke, anangosamuka. Mapepala a lafu sindinkawasiya mu ofesi. Mlandu ukatha ndinkawamanga ndi luzi, kupita nawo kunyumba pa njinga, n'kuwaponya m'thumba la feteleza limene ndinalipachika kudenga. Ndipo buku la milandu ndinkalilambirabe monga anandiphunzitsira a Mvula. Zaka zonsezo munalibe mzere ndi umodzi womwe wokhwachidwa.

Nambuma, chaka cha khumi ndi chimodzi

Mlandu wa a Nabanda unabwera m'chilimwe. Iwo anali mayi wamasiye wolera adzukulu atatu, ndipo chuma chawo chonse chinali dimba limene anasiyiridwa ndi mayi awo m'mbali mwa kamtsinje kena. Kutsidya kwa kamtsinjeko kunali munda wa a Gwaza, mlimi wa tomato wakhama koma wa diso lalitali. Kuyambira kale malire awo anali madziwo. Ndiye chaka china mvula itachuluka, kamtsinje kaja kanasiya njira yake n'kudzikumbira ina, kudutsa pakati pa nyumba ya a Nabanda ndi dimba lawo. Dimba linapezeka lili tsidya la a Gwaza. A Gwaza anati, malire ndi mtsinje, ndiye Mulungu wandipatsa. A Nabanda anati, madzi ndi amene asamuka, nthaka ya amayi sinasamuke.

Mboni yaikulu inali a Chikuse, nkhalamba imene inaona madimba onsewo akugawidwa. Oweruza atafunsa za malire, a Chikuse anayankha kuti, "Malire ndi mtsinje." Ndinalemba. Anapitiriza kufotokoza za makolo a mbali zonse ziwiri, ine ndikutsatira, tsamba n'kudzaza. Atatsala pang'ono kukhala pansi anaimanso, n'kukweza ndodo yawo.

"Pepani bwana, ndisasiye mawu pakati. Ndikati mtsinje sindikunena pamene madzi akuyenda lero, ayi. Ndikunena khwawa lakale, paja pali bango ndi mkuyu. Madzi ndi mlendo, amagona pamene afuna."

Malo anali atatha, ndiye mawu amenewa ndinawalemba chopingasa m'mphepete, n'kukoka kamuvi kupita pa mzere woyamba uja. Oweruza anagamula mwachidule kuti malire akhale monga yanenera mboni, a Chikuse. A Nabanda anawomba m'manja, anthu n'kumwazikana.

Masana ndinakhala pansi kukopera. Cholembera chinali chatsopano ndipo dzanja linkayenda bwino tsiku limenelo. Ndinalemba kuti mboni inati malire ndi mtsinje, ndinapitiriza ndi za makolo, ndinalemba chigamulo, n'kutseka ndi mzere wa lula pansi pake. Pamene ndinkasonkhanitsa mapepala a lafu ndi pamene diso langa linagwa pa kamuvi kaja. Ndinali nditadumpha mawu a khwawa lakale.

Njira yokonzera inalipo ndipo ndinkaidziwa: kulemba mawu otsalawo pakati pa mizere, kusainira pambali, n'kukawaonetsa oweruza kuti nawonso asainire. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndinagwira cholembera, ndinayang'ana tsamba lija. Ana anga, linali lokongola. Ndinayamba kudziuza kuti khoti lonse lamva, oweruza akudziwa, a Gwaza omwe anali pomwepo, ndiye ndiipitsirenji buku pa chinthu chodziwika ndi aliyense? Ndinatseka buku, n'kupita nalo kukasainitsa. Oweruza ankandikhulupirira kwambiri moti anasaina akucheza ndi munthu wina.

Nambuma, chaka cha khumi ndi zitatu

Akuluakulu amati mlandu suola. Patapita zaka ziwiri oweruza aja anali atasamutsidwa, ndipo a Chikuse tinali titawaika m'manda. Kunabwera oweruza atsopano, bambo wachinyamata wodekha, wokhulupirira zolembedwa. Ine ndinali kalaliki wamkulu tsopano, ndipo dzina langa linali litatumizidwa kuti ndikwezedwe kupita ku Lilongwe. Mayi anu anali atayamba kale kufunsa anthu za sukulu za m'tauni.

A Gwaza anabwera tsiku lina kudzapempha kope la chigamulo chija. Ndinawakopera mawu ndi mawu kuchokera m'buku, n'kudinda, osakumbuka kanthu. Sabata yotsatira anazula mpiru ndi anyezi wa a Nabanda, n'kumanga mpanda, n'kuwokeramo tomato. A Nabanda anafika kukhoti matope ali m'miyendo, atawoloka kamtsinje kaja kukaona ndi maso awo. Oweruza anaitanitsa buku, anawerenga, anawerenganso.

"Mayi, ndikumva chisoni chanu, koma buku likuti malire ndi mtsinje. Pokhapokha mutabweretsa umboni wina pofika Lachisanu, ine ndilibe mphamvu yosintha zimene anagamula anzanga."

A Nabanda sanayang'ane oweruza. Anatembenukira kwa ine.

"Inu a kalaliki, si munalipo? Si munkalemba, a Chikuse atakweza ndodo? Nenani, bambo."

Pamenepo ndiye ndinakumbuka zonse, kamuvi, lula, cholembera chatsopano chija. Koma pakamwa panga panatuluka mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Buku ndi limenelo, mayi."

Nditafika kunyumba masana ndinapeza mayi anu akuswa mtedza pamkeka. Sindinawapatse moni. Ndinakwera pampando, kutsitsa thumba lija, n'kukhuthulira pansi mitolo ya zaka zisanu ndi zinayi. Ina inali itadyedwa ndi mbewa, ina itafiira ndi utsi. Mtolo wa a Nabanda ndinaupeza wathunthu. Kamuvi kanali pomwepo, ndi mawu onse a a Chikuse, opindika, othithikana, ena odulidwa pakati. Ndinawafotokozera mayi anu nkhani yonse, kuyambira pa tsamba lokongola.

"Ndikakaonetsa pepala ili, za ku Lilongwe tiiwale," ndinatero. "Mwinanso ntchito imene ithera pomwepa. Ndikangokhala chete, palibe amene angadziwe. Mwini mawu anamwalira."

Mayi anu anapitiriza kuswa mtedza.

"Ine magetsi a m'tauni ndimawafuna, bambo a ana, musaganize kuti ayi," anatero. "Ndatopa ndi utsi wa koloboyi. Koma ndikufunseni. Mukuopa ntchito, kapena mukuopa kuti anthu aona kuti inunso mumalemba ngati nkhuku?"

Ndinakwiya, chifukwa analasa penipeni. Ntchito ndinkaiopera ndithu, koma chimene chinkandiopsa kwambiri chinali kuganiza oweruza atanyamula pepala lakudalo pamaso pa khoti, anthu n'kudziwa kuti kuseri kwa buku loyera lija kunali zimenezi. Munthu wamkulu, bambo wa ana anayi, kuika zilembo zake pa sikelo imodzi ndi ndiwo za ana amasiye! Nditaziona choncho ndinadzinyansa. Mayi anu anadzuka pamkeka. Anangotenga nyuzipepala yakale, n'kukulunga mtolo uja bwinobwino, n'kuuika m'chikwama changa cha kuntchito.

Lachisanu khoti linadzaza, chifukwa nkhani ya dimba inali itamveka. Oweruza anafunsa a Nabanda ngati abweretsa umboni. Iwo anapukusa mutu. Pamenepo ine ndinaimirira.

"Bwana, umboni uli ndi ine. Buku ili ndi lolakwika, ndipo wolakwitsa ndine. Ndinadumpha mawu a mboni pokopera, ndinaona tsiku lomwelo, koma sindinakonze chifukwa sindinafune kudetsa tsamba."

Ndinapereka mtolo uja. Oweruza anayala mapepala anga patebulo pambali pa buku, n'kuyamba kufananiza mzere ndi mzere, chala china apa, china apo. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo pena ankandiitana kuti ndiwawerengere pamene zilembo zawakanika. Kenaka anafunsa mesenjala wa khoti, amene analiponso pa mlandu woyamba uja, ndipo iye anavomera kuti a Chikuse anaimadi kachiwiri n'kutchula bango ndi mkuyu. A Gwaza anadzuka atafiira maso.

"Bwana, kodi chipepala chakuda ngati chokulungira usipa chingapose buku la boma? Ameneyu walemba dzulo zimenezi!"

"Bambo Gwaza, khalani pansi," anatero oweruza. "Munthu wopeka umboni amalemba mosamala kuti akhulupiriridwe. Izi zinalembedwa ndi munthu wothamangitsana ndi pakamwa pa mboni, ndipo zonse zikugwirizana ndi buku kupatula mawu okhawa. Inunso munalipo tsiku limenelo. Mukufuna mulumbire kuti a Chikuse sanatchule khwawa lakale?"

A Gwaza anayang'ana anthu a m'mudzi mwawo amene anadzaza mabenchi, n'kukhala pansi.

Oweruza anatsegula kabati yawo, n'kutulutsa cholembera chofiira, n'kundipatsa. Anati ndikonze buku pomwepo, anthu akuona. Ndinalemba mawu a a Chikuse pakati pa mizere, ndipo posakwana ndinatsikira nawo m'mphepete, n'kusainira, iwonso n'kusainira. Tsamba lija linaipa kotheratu. Chodabwitsa n'chakuti pobweza cholemberacho ndinamva kupepuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa munakulira m'midzi, osati m'tauni. Kalata yondidzudzula inabwera, ku Lilongwe kunapita wina, ndipo ine ndinazungulira makhoti a kumudzi mpaka kupuma. Sindinadandaulepo, ndipo makalaliki onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawaphunzitsa kulemba mothamanga, kukhwacha poyera ndi kusunga lafu mu ofesi, osati kudenga. Amene analipira kwambiri si ine. A Gwaza analoledwa kukolola kaye tomato wawo, ndiye a Nabanda chaka chimenecho dimba sanalime, ndipo adzukulu awo anadya ndiwo zopempha chifukwa cha ine.

Lachisanu lija anthu atatuluka m'khoti, a Nabanda anatsalira. Sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Anafika patebulo langa n'kunena kuti akufuna aone pamene ndakonzapo. Ndinawatembenuzira buku. Iwo sukulu sanapiteko, ndiye anayendetsa maso pa mizere yanga yonse yowongoka ija osaimapo, mpaka anafika pofiira, pothithikana, pamene mawu anakwerana. Anaikapo chala chawo chokhala ndi dothi m'chikhadabo.

"Dimba langa lili pamenepa?"

"Lili pomwepo, mayi."

Anadinikiza chalacho, n'kusiya chidindo cha dothi pambali pa siginecha ya oweruza. Mwachizolowezi dzanja langa linapita m'thumba kukatenga kansalu. Anandigwira pamkono.

"Ayi, bambo. Musapukutepo."